Mdima wa m'filimu yoopsa umamangidwa ndi nyali

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa maganizo amene afala pakati pa achinyamata omwe ayamba kujambula mafilimu oopsa ndi foni kapena kamera yaing'ono. Ambiri akuti mtundu umenewu ndi wosavuta, umangofunika kuthimitsa magetsi n'kuimika munthu wovala zoyera pakona. Zotsatira zake timaziona: sikirini yakuda bii, mapazi akumveka, wina akukuwa, woonera n'kudina filimu ina asanathe mphindi ziwiri. Mdima umene umachititsa munthu tsemwe pa kanema suchokera pothimitsa nyali. Umachita kumangidwa, ndipo chomangira chake ndi nyali yomweyo.

Mwini wake wa mantha amenewa ndi mwana, choncho tiyambire kwa iye. Kuopa mdima kumayamba mwana akafika zaka ziwiri kapena zitatu, pamene mutu wake wayamba kujambula zinthu zimene maso sakuziona. Chomusowetsa tulo kawirikawiri si mdima wa ndiweyani ayi, koma mdima woti akuonamo pang'ono. Jekete lopachikidwa pachitseko lasanduka munthu wamtali wopanda mutu. Wadirobu yatseguka kampata ka zala ziwiri. Pansi pa bedi, pamene masana panali nsapato zokha, tsopano pali dzenje.

Zimenezi zili ndi chifukwa chake m'diso momwemo. Kumbuyo kwa diso kuli timaselo ta mitundu iwiri. Ma cone amaona mitundu ndi tinthu ting'onoting'ono koma amafuna kuwala kokwanira, pomwe ma rod amagwira ntchito usiku koma saona mitundu ndipo salongosola bwino m'mphepete mwa chinthu. Nyali ikazima, ma cone amazolowera m'mphindi zosapitirira 10, koma ma rod amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti afike pachimake. Ndiye chipinda chimanka chikutulutsa zinthu pang'onopang'ono mwana atagona kale, ngati kuti zikuchita kubwera. Komanso pakatikati penipeni pa diso, pamene timayang'anira chinthu mwachindunji, palibe ma rod. Mwana akaona kanthu kumbali n'kukatembenukira, kamazimiririka, akachotsa maso n'kubweranso. Ubongo nawo sudikira umboni wokwanira: madontho awiri ndi kamzere pansi pake, wati nkhope. Wojambula filimu yoopsa ntchito yake ndi kubwezera munthu wamkulu m'chipinda chimenecho, kumupatsa zoona zokwanira kuti ayambe kulota yekha koma zosakwanira kuti atsimikize.

Mantha a mwana alinso ndi lamulo, ndipo filimu yopanda lamulo siigwira. Lamulo lake ndi loti ukayatsa nyali chinthucho chimachoka. David F. Sandberg wa ku Sweden anatenga lamulo lokhali n'kupanga kafilimu ka Lights Out mu 2013, kosakwana mphindi zitatu, wosewera wake ali mkazi wake Lotta Losten. Mayi akuthimitsa nyali ya m'kanjira ka m'nyumba, kumapeto kwake kukuoneka chithunzithunzi cha munthu. Akuyatsa, palibe. Akuthimitsa, chilipo. Kachitatu kapena kachinayi woonera wadziwa kale masewerawo ndipo akuwerengera limodzi naye, ndiye pomwe chinthucho chimapezeka chasendera pafupi. Palibe amene akufotokoza kanthu, switchi ndiyo ikuyankhula. Mu 2016 nkhaniyi inakulitsidwa kukhala filimu yathunthu, ndipo kwa ine apa mpamene inafooka pang'ono, chifukwa anayamba kutiuza kuti chinthucho dzina lake ndi Diana, anali ndi matenda a khungu, anafera m'chipatala. Chilombo chokhala ndi khadi la kuchipatala sichiopsa ngati chija chongoima kumapeto kwa kanjira.

Tsono kajambulidwe kake. Choyamba ndi kusankha kumene kuwala kukuchokera m'nkhanimo: kanyali ka pambali pa bedi, tochi, kandulo, TV yosiyidwa yoyaka, kapena kuwala kodutsa pansi pa chitseko. Gwero likhale limodzi, ndipo woonera aliwone, chifukwa akalidziwa amayamba kuda nkhawa kuti likazima chichitika n'chiyani. Kanyali kameneka pakokha kawirikawiri sikakwanira kamera, ndiye mumabisa nyali ina yamphamvu mbali yomweyo kuti izioneka ngati kuwalako kukuchokera pa kanyali kaja.

Chachiwiri ndi kusiyana kwa mbali yowala ndi mbali yamthunzi pankhope ya wosewera. M'filimu yoseketsa mbali yowala imaposa inzake mwina kawiri kokha. M'filimu yoopsa imaposa ka 8 kapena kupitirira, zomwe ojambula amati ma stop atatu, poti stop iliyonse ndi kuwirikiza kawiri. Nyaliyo musaiike kutsogolo pafupi ndi kamera, imafafaniza mithunzi yonse. Iikeni kumbali kapena chakumbuyo kuti ingojambula mzere wa phewa, tsaya ndi tsitsi. Diso limodzi la wosewera likhale ndi kadontho kowala. Popanda kadonthoko nkhope imafa, ndipo woonera sangachite mantha m'malo mwa munthu amene sakumuona maso.

Chachitatu, chimene ambiri amalakwitsa, ndi mtunda. Kuwala kumachepa mofulumira kuposa momwe anthu amaganizira: mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kumatsala gawo limodzi mwa anayi. Ngati nyali ili mita imodzi kuchokera kwa wosewera ndipo khoma lili mamita anayi kuchokera pa nyaliyo, khomalo likulandira gawo limodzi mwa 16 la kuwala kumene kuli pankhope. Mwapeza mdima kumbuyo osathimitsa kanthu. Koma mukamuimika wosewera chogundiza khoma, nkhope ndi khoma ziwala mofanana, ndipo mukayesa kuchepetsa kuwala zonse zidera limodzi. Makoma oyera ndi mdani wina, amabweza kuwala m'chipinda chonse. Pachikani nsalu yakuda yosanyezimira kumbali imene kamera sikuona, ndipo tchingani nyaliyo ndi katoni yakuda kuti isawaze kudenga. Ngati nyaliyo ndi yotentha, katoni isaiyandikire.

Mu mdima wa kumbuyowo musiyemo kachigawo kamodzi kowala pang'ono, kaya zenera, kaya khomo lotseguka. Chinthu chakuda chimaoneka pokhapokha chadutsa kutsogolo kwa chinthu chowala. Utsi pang'ono wochokera m'makina ake umathandiza kuti kuwala kwa tochi kuoneke ngati mzere mumpweya, koma ukachuluka umayeretsa mdima wonse n'kukhala chifunga. Za mtundu wa buluu umene mafilimu amapaka usiku, si bodza lenileni. Ma rod amamva kwambiri kuwala kwa pakati pa buluu ndi kobiriwira, ndiye chifukwa chake kukamada chinthu chofiira chimayamba kuoneka chakuda zina zisanatero. Wasayansi wina, Jan Evangelista Purkyně, analongosola zimenezi m'zaka za m'ma 1800. Kabuluu pang'ono ndi kuchepetsa mitundu zimakwanira. Buluu wothithikana amangouza woonera kuti mwaika fyuluta.

Kamera nayo imafuna kuigwira dzanja. Foni ikaona mdima imaganiza kuti mwalakwitsa, ndiye imakweza yokha ISO, muyezo wa momwe kamera imamvera kuwala, chithunzi n'kudzaza timadontho tovinavina, mdima wanu n'kusanduka phulusa. Tsekani ISO pamalo otsika, tsekaninso focus kuti kamera isamasinthe yokha malo amene ikuonetsa bwino, chifukwa mumdima kamera imangosakasaka pogwira. Pa mafelemu 24 kapena 25 pa sekondi, shutter, nthawi imene kamera imalowetsa kuwala pa felemu iliyonse, ikhale pafupi ndi 1/50 ya sekondi. Langizo lalikulu, lomwe limamveka ngati lotsutsana ndi cholinga, ndi loti mujambule chowala kuposa momwe mukufunira, kenako mudetse pa kompyuta. Chithunzi chojambulidwa ndi kuwala kokwanira chikadetsedwa chimakhala chosalala. Chojambulidwa mumdima mukachiwalitsa chimatulutsa zinyalala zonse, ndipo zimene kamera sinazione sizibwerera.

Vuto lina limadikira filimu itatha kale. Vidiyo wamba ya 8-bit ili ndi masitepe 256 okha kuchokera pakuda kufika poyera, ndipo chithunzi chamdima chimagwiritsa ntchito ochepa a pansi. Mukaikweza pa intaneti, makina opanikiza vidiyo amataya kaye zimene akuganiza kuti diso silizifuna, ndipo amayambira m'malo akuda. Kachithunzithunzi kanu kobisika pakona kamasanduka timabokosi kapena kusoweratu. M'holo ya kanema sikirini siwala kwambiri, koma zimatheka chifukwa holo yonse ndi yakuda ndipo maso azolowera. Woonera pa foni masana alibe mwayi umenewo. Ngakhale akatswiri zinawagwera: mu 2019 gawo la sewero la pa TV la Game of Thrones lotchedwa The Long Night linadandaulitsa anthu ambiri kuti sankaona amene akumenya mnzake. Choncho chinthu chimene mukufuna kuti woonera achikayikire chikhale chowala pang'ono kuposa momwe maso anu akuchifunira pa kompyuta yokonzera.

Theka la mdima ndi makutu. Mwana ali gone amamva thabwa likulira, mpopi ukudontha, mpweya wake womwe, ndipo filimu iyenera kumupatsa woonera zomwezo, zojambulidwa padera ndi maikolofoni yapafupi. Nyimbo yosalekeza imateteza woonera, amadziwa kuti wina akumutsogolera. Ichotseni, pakhale zii. Njira yodzidzimutsa imene ambiri amakopera anaikhazikitsa opanga mafilimu Val Lewton ndi Jacques Tourneur mu filimu ya Cat People ya 1942: mayi akuyenda yekha usiku, kuchoka pa nyali ya mumsewu kupita pa ina, mapazi a kumbuyo kwake asiya kumveka, kenako phokoso ngati la chilombo, koma ndi basi ikuima. Chimene okopera amaiwala ndi kutalika kwa ulendo uja basi isanafike. Phokoso lodzidzimutsa popanda kudikirira ndi chimodzimodzi kuombera munthu m'manja kukhutu, amadumpha koma sanaope. Ndipo mawu otsika kwambiri, a kufupi ndi 20 Hz kumene khutu la munthu limathera, amagwedeza chifuwa m'holo koma sipika ya foni siwatulutsa n'komwe, ndiye musadalire amenewo okha.

Pali mafilimu awiri amene wophunzira angaonepo kugwiritsa ntchito gwero limodzi la kuwala. Mu Wait Until Dark ya 1967, Audrey Hepburn ndi mayi wosaona amene akuphwanya mababu onse m'nyumba kuti afanane mphamvu ndi chigawenga, koma waiwala babu limodzi, la m'firiji. Chigawengacho chikutsegula firiji, ndipo kachigawo kowala kameneko ndiko kamanyamula mathero onse. Ina ndi Skinamarink ya 2022, ya Kyle Edward Ball wa ku Canada, yojambulidwa ndi ndalama pafupifupi madola 15,000 m'nyumba imene iye anakuliramo. Kamera ili pansi pa msinkhu wa mwana, ikuyang'ana denga, makona ndi zidole, kuwala kwambiri kukuchokera pa TV. Ndi yaitali kuposa momwe nkhani yake ikufunira, ndipo ena imawagonetsa, koma imaonetsa kuti kungotsitsa kamera kufika pa msinkhu wa mwana wa zaka zinayi kumatalikitsa chitseko ndi kuika switchi pamalo osafikirika.

Amene wamaliza kafilimu kake asanakatulutse akakweze kaye pa intaneti mobisa, akaonere pa foni yotsika mtengo masana, kuwala kwa sikirini kuli pakati, kenako pa TV usiku. Aitane munthu amene sanawerenge nkhaniyo, aimitse vidiyo pamalo oopsa aja n'kumufunsa kuti aloze chimene akuona pakona. Akaloza molunjika n'kutchula dzina lake, pawala kwambiri. Akafunsa kuti pakona pati, bwererani pa kompyuta mukawalitse ndi theka la stop, muyesenso.

Ine wowerenga wanu,
Wokonda luso la kanema