Dimba la pa siteshoni ya Arley

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana kumeneko ku Balaka. Kuno tadzuka, kungoti kuzizira kwayamba kale kuluma zala.

Munadandaula kuti Loweruka simundipeza pa foni. Lero ndikuuzeni komwe ndimasowera: ndimakalima. Ndimalima maluwa pa kasiteshoni ka sitima kotchedwa Arley, m'mbali mwa mtsinje wa Severn kuno ku England. Sitilandira ngakhale khobidi, koma ndikamabwerako madzulo, msana ukuwawa, mtima umakhala uli myaa kuposa masiku onse a sabata.

Njanji ya pano, yotchedwa Severn Valley Railway, ndi yakalekale, inatsegulidwa mu 1862. Siteshoni yathuyi inatsekedwa mu 1963 ndipo tchire linayamba kulanda malo. Anthu wamba ndi amene anakana kuti njanjiyi itheretu. Anakumana ku Kidderminster mu 1965, nayamba kusonkha ndalama ndi kukonza okha, mpaka mu 1970 sitima inayendanso kuchokera ku Bridgnorth. Ku Arley inafikanso mu 1974. Lero imayenda mamailosi 16, kuchokera ku Kidderminster mpaka ku Bridgnorth, ndipo zambiri ndi zija zamalasha, zofuka utsi. Ogulitsa matikiti, osonkhezera moto, opaka penti, ambiri mwa iwo ndi ongodzipereka ngati ine.

Tsiku loyamba ananditenga ndi gogo wina wamwamuna, wa zaka zopitirira 80, zala zopindika ndi nyamakazi. Sanalankhule zambiri. Anandipatsa sizasi yodulira, nagwira dzanja langa kundisonyeza podula nthambi ya rozi: pamwamba pang'ono pa diso loyang'ana kunja, mopendeka, kuti madzi amvula asakhazikike pabala. Achemwali, misozi inalengeza m'maso. Ndinakumbuka amayi akutiphunzitsa kuphata tomato kudimba kuja. Chifikireni kuno ndinali ndisanagwirepo dothi, moyo unali wa ku ntchito ndi kunyumba basi.

Komatu nthaka ya kuno ili ndi malamulo ake. Chaka changa choyamba ndinaokera mbande mu Epulo poona kuti dzuwa lawala. Usiku umodzi chisanu chinagwa, m'mawa zonse zili lefu, zakuda ngati zathiridwa madzi otentha. Zinandipweteka kwambiri. Tsopano ndimadikira mpaka kumapeto kwa Meyi. Mdani wina ndi nkhono zopanda chigoba, zimamaliza bedi lonse usiku umodzi, moti timazitola ndi manja m'mamawa. Zotsalazo mukuzidziwa: kupalira, kuthirira ndi kheni, kukankha wilibala ya manyowa, kusesa masamba kuti okwera asaterereke.

Ntchito imene sindinkaiganizira ndi yotchetcha m'mbali mwa njanji. Sitima yamalasha imalavula timakala tamoto, ndiye kukauma udzu umagwira msanga ngati lupsa lakwathu. Ng'amba ikanyanya amaimitsa zamalasha n'kuyendetsa za dizilo. Choncho kutchetcha n'kuteteza minda ya eni ake yoyandikana nafe.

Gogo uja amakonda kusimba za mu Juni 2007, pamene mvula yamphamvu inawononga njanji m'malo 45, mwina zitsulo kutsala lendelende dothi litakokoloka pansi. Anthu anasonkhanso, nagwiranso ntchito, mu 2008 njanji yonse inatsegulidwa. Akamasimba amayang'ana chakumunsi, komwe kuli mlatho wachitsulo wa Victoria Bridge, ndipo mawu amanjenjemera.

Mphindi imene ndimaikonda ndi pamene mluzu walira kumlathoko. Timaimika makasu, n'kupukuta manja. Sitima imalowa pang'onopang'ono, nthunzi ili tolotolo, ana atasuzumira m'mawindo. Tsiku lina mayi wina anatsika, nawerama kununkhiza maluwa amene ndinabzala ndekha, kenaka anaitana mwana wake kuti naye anunkhize. Sanadziwe kuti ndine ndinabzala, ndinali chapatali ndi fosholo yanga. Ndinasangalala tsiku lonse.

Loweruka likudzali tikwirira mitu ya daffodil. Imafanana ndi anyezi, imagona m'nthaka nyengo yonse yozizira, n'kudzaphuka maluwa achikasu cha m'Marichi. Ndidzakutumizirani zithunzi. Nanunso munditumizireko za dimba lija la kumtsinje, ndione ngati mpanda wa bango ulipobe. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine wanu,
m'bale wanu uja