Kalata yotseguka kwa Nduna yoona za zokopa alendo: tiganizireni ife a timalo ta m'midzi ya ku Chongoni

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kalatayi ndili kwathu kuno ku Dedza, m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, komwe ine ndi anzanga ochepa takhala tikuyesetsa kusandutsa kankhalango ka mudzi wathu kukhala malo oti alendo azibwera kudzaona chilengedwe, kudzapuma, ndi kutisiyirako kangachepe. Ndasankha kulemba poyera chifukwa zomwe zikutipinga ife zikupinganso anzathu a m'tsinde mwa phiri la Mulanje, a ku Ntchisi ndi a madera ena, omwe ali ndi mathithi, mapanga ndi mitengo yachilengedwe pakhomo pawo, koma akusowa njira yoti zinthu zimenezi ziziwadyetsa zili chiimire.

Inu mukudziwa bwino, a Nduna, kuti mu 2006 bungwe la UNESCO lidaika dera la Chongoni m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha zojambula za pamiyala zopezeka m'malo 127. Zofiira zija makolo athu amati ndi za Akafula, pomwe zoyera zidajambulidwa ndi Achewa ndipo zimakhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Alendo amafika ndithu ku Chentcherere, ku Namzeze ndi ku Mphunzi, pakuti kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma la Dedza ndi makilomita pafupifupi 85 okha pa msewu wa M1. Chomwe chidatipweteka mtima kwa zaka zambiri nchakuti mlendo amatha kufika m'mawa, kujambula zithunzi, nkubwerera kukadya nkhomaliro m'tauni, mudzi womwe wakhala ukulondera miyalayo kuyambira kalekale osagulitsa ngakhale mbale imodzi ya masuku.

Ife tidayamba ndi mantha, osati ndi nzeru za bizinesi. Mitengo ya paphiri lathu inkatha ndi makala, ndipo kasupe yemwe amayi ankatungapo madzi chaka chonse adayamba kuuma ikangofika Okutobala. Amfumu adaitanitsa msonkhano, napatula mbali imodzi ya phirilo kuti ikhale nkhalango ya mudzi, monga momwe lamulo la nkhalango la 1997 limalolera, ndipo tidasankha komiti yoiyang'anira. Sitidabzale mitengo yambiri ayi. Tidangoleka kudula, nkumalambula malire chaka ndi chaka kuti moto wolusa usalowe, ndipo zitsa za misuku, mombo ndi muwanga zidaphukanso zokha. Kenaka tidapachika ming'oma ya njuchi, tidalambula tinjira ta miyendo, tidamanga zisakasa ziwiri zofolera ndi udzu, chimbudzi chaukhondo ndi kabwalo koti munthu akhomepo tenti yake. Chuma chathu chonse nchimenecho.

Ndikufuna ndikuuzeni za mnyamata mmodzi amene tsopano amatsogolera alendo athu. Kale iyeyu ankaotcha makala paphiri lomweli, nkumakankha njinga ya matumba usiku wonse kuti kukamacha akhale atafika kumsewu. Lero akamayenda ndi alendo amaima pamalo ena pomwe dothi lake ndi lakuda mpaka pano, nawauza mosabisa kuti apa padali uvuni wake. Amatchula dzina la mtengo uliwonse pongogwira khungwa lake, amadziwa womwe umatulutsa luzi labwino, womwe pansi pake pamamera bowa mvula zikakhazikika, ndi womwe agogo ake ankakumba mizu yake mwana akamadwala m'mimba. Mtengo omwewo womwe akadaugulitsa kamodzi kokha ngati thumba la makala, amauonetsa kwa anthu sabata ndi sabata, ndipo akamva nkhwangwa ikulira m'nkhalango ndiye amakhala woyamba kuthamangirako. Boma lidakhwimitsa zilango za makala mu 2020, ndipo lidachita bwino, koma ine ndaona ndi maso anga kuti chomwe chidasintha mnyamatayu si kuopa ndende, koma ndalama yomwe amapita nayo kunyumba madzulo mtengowo uli chilili.

Dziko lino lili kale ndi umboni woti kusamala chilengedwe kumabweretsa alendo. Majete idali itatsala pang'ono kutheratu nyama pomwe bungwe la African Parks lidayamba kuiyendetsa mu 2003, ndipo mu 2015 bungwe lomwelo lidatenganso Liwonde ndi Nkhotakota. Tonse timanyadira ntchito imeneyo. Koma amenewo ndi malo akuluakulu, okhala ndi mipanda, magalimoto ndi abwenzi akunja, pomwe gawo lalikulu la mitengo yomwe ikutha m'dziko muno lili m'mapiri a m'midzi momwe simudzafika mpanda wamagetsi. M'malo oterewa mlonda wake ndi mwini mudzi, ndipo pempho langa lonse lagona pa mfundo imodzi, yakuti ndondomeko zanu zizimuona munthu ameneyu ngati wabizinesi weniweni wa zokopa alendo, ngakhale alibe zipinda zogona za galasi kapena gombe la nyanja.

Nkhani yomwe yatimanga miyendo kwambiri ndi ya malo ndi ngongole. Tidapita ku banki ina kukapempha ndalama zoti tikumbe mjigo ndi kugula ma sola, titanyamula kope lomwe alendo amasainamo ndiponso kalata ya amfumu. Mkulu yemwe adatilandira adationa mwaulemu, nawerenga kope lonse, koma pomaliza adati malo a mudzi si chikole. Sindikumuimba mlandu, chifukwa ankatsata malamulo a ntchito yake. Lamulo la malo a makolo la 2016 lidatsegula khomo loti malo otere azilembetsedwa, choncho ndikupempha kuti mukambirane ndi anzanu a ku unduna wa za malo kuti magulu osamala nkhalango za m'midzi athandizidwe kulembetsa malo awo m'dzina la gulu, mwachangu ndiponso pamtengo womwe anthu akumudzi angakwanitse. Ndikunena kuti m'dzina la gulu dala, pakuti mantha ena omwe tili nawo ndi akuti nkhalango ikakongola padzabwera wachuma wina kudzanyengerera munthu mmodzi ndi kutenga zomwe mudzi wonse udavutikira.

Ngongole yakenso iyenera kufanana ndi ntchitoyi. Alendo athu amabwera kuyambira Meyi mpaka Okutobala. M'dzinja msewu wathu wadothi umaterera, magalimoto ang'onoang'ono amatitimira, ndipo timatha mwezi wathunthu osaona mlendo. Ngongole yoti uyambe kubweza mwezi wotsatira ingamuthandize wogulitsa kaunjika, koma ife ingatigwetse. Banki m'khonde yatithandiza kugula mapoto ndi mipando, koma siingakumbe mjigo. Tikufuna thumba lapadera la malo ang'onoang'ono a zachilengedwe, lokhala ndi nthawi yopumira musanayambe kubweza, ndipo kubwezako kuzitsata nyengo ya alendo.

Za ziphaso ndingonena mwachidule. Bizinesi ngati yathu imakhudza a zankhalango, a zosunga mbiri yakale, a zaumoyo, a khonsolo ndi inu a zokopa alendo, ndipo munthu wakumudzi sadziwa khomo loyambira kugogoda. Pakadakhala tebulo limodzi pa khonsolo ya boma lililonse, ndi chiphaso chakechake cha malo a m'midzi chomwe zofunika zake zalembedwa m'Chichewa, ambiri omwe akugwira ntchitoyi mobisala akadabwera poyera. Chimodzimodzinso maphunziro: likulu la sukulu ya zokopa alendo ya Malawi Institute of Tourism lili ku Blantyre, kutali ndi ife, pomwe koleji ya zankhalango ndi nyama zakutchire ili konkuno ku Chongoni. Maphunziro a masabata ochepa a kalandiridwe ka alendo, chithandizo choyamba munthu akavulala paphiri, ndi kalembedwe ka ndalama, osafunsa satifiketi ya MSCE, angasinthe zambiri. Mnyamata ndamutchula uja adalekezera Sitandade 7, koma palibe womposa pa za m'nkhalango.

Ndikupemphanso kuti mukamatsatsa dziko lino, monga pa chionetsero cha zokopa alendo cha Takulandirani, muzikumbukira kuti mlendo wathu woyamba ndi Mmalawi. Omwe amatichirikiza kwambiri ndi ana asukulu, magulu a kumpingo ndi mabanja a ku Lilongwe ofuna kuthawa phokoso Loweruka. Amadya nsima ya mgaiwa ndi nkhuku yachikuda, amagula uchi ndi mbatata ya kachewere, ndipo ambiri amalipira pa foni. Ana ena obadwira m'tauni amaona koyamba kwathu kuno kuti suku limachokera mumtengo. Chikwangwani chimodzi chooneka bwino pa M1 ndi kulembedwa pa mndandanda wa malo omwe unduna wanu umalengeza zingatichitire zazikulu.

Pali chinthu china chomwe sindingachisiye, ngakhale chingaoneke ngati chikutsutsana ndi zonse zomwe ndapempha. Si zonse za kuno zomwe zili zogulitsa. Zojambula zoyera zija si zokongoletsa chabe, zina mwa izo ndi chilangizo cha anamwali, ndipo tanthauzo lake anamkungwi salitchula pagulu. Dambwe si malo ofikako aliyense chifukwa choti walipira. Tidalandirapo mlendo wina yemwe adaumirira kuti timufotokozere chithunzi china, natulutsa ndalama zochulukirapo, koma mayi wachikulire yemwe tidali naye adangoyankha modekha kuti zimenezo adaziphunzira m'tsimba ndipo adzaziphunzitsa m'tsimba momwemo. Ndidasangalala kuti adakana. Gule wamkulu adazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 chifukwa ndi mwambo wamoyo, ndipo ukasanduka sewero lovinidwa nthawi iliyonse basi ya alendo ikaima, tidzakhala tawononga chomwe alendowo amadzera. Choncho ndondomeko iliyonse yomwe mungakonze ipereke mphamvu kwa mafumu, anamkungwi ndi akuluakulu a kudambwe kuti azinena okha zomwe zingaonetsedwe ndi zomwe ziyenera kukhala zobisika.

Miyala yomweyo ikufunanso maso a anthu apafupi. Ndaonapo maina olembedwa ndi khala pamwamba penipeni pa chojambula chakale, ndiponso mwaye wa moto womwe abusa a mbuzi adasonkha m'phanga pothawa chisanu cha Juni. Ogwira ntchito za boma sangakhale paphanga lililonse mwa malo 127 aja, koma mudzi womwe ukupezapo phindu umadziwa mwana aliyense yemwe wakwera phiri tsiku limenelo. Mutatipatsa mgwirizano wolembedwa wofotokoza udindo wathu ndi gawo lathu pa ndalama zomwe alendo amalipira, ntchito yolondera tingaisenze ndi manja awiri.

Ndikukupemphani, a Nduna, kuti tsiku lina mukamadutsa pa Dedza mukhotere kuno, makamaka mwezi wa Seputembala pomwe masamba atsopano a mombo amafiira phiri lonse. Mubwere ndi akuluakulu oona za ziphaso ndi za ngongole, kuti adzakhale pamkeka ndi komiti yathu, aone kope la alendo ndi kaundula wa ndalama zathu, ndiponso amwe madzi a pakasupe uja, yemwe tsopano akufika nawo mpaka mvula zoyamba.

Ine wanu mwaulemu,

Mmodzi wa osamalira nkhalango ya mudzi,
Chongoni, Dedza