Kulimba mtima si kudumphira m'madzi

A Mkonzi,

Dzinja likafika timamva anthu akuyamikira munthu amene wadumphira mumtsinje wosefukira kuti avuule mnzake, ati ndi wolimba mtima. Aja amene anadumpha n'kupita onse awiri satchulidwa. Namondwe wa Freddy atapha anthu mazanamazana ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kummwera mu Marichi 2023, tinayenera kuyamba kusiyanitsa kulimba mtima ndi phuma, liuma komanso kudzionetsera.

Waphuma sadziwa ngozi imene akulowamo. Waliuma wauzidwa koma samva. Wodzionetsera maso ake ali pa anthu amene aima pagombe. Wolimba mtima mantha amakhala nawo, ngoziyo akuidziwa, koma sathawa ndipo mutu wake umagwirabe ntchito.

Madzi othamanga a masentimita 15 okha, ongopitirira m'kakolo, amagwetsa munthu wamkulu. Akafika masentimita 60 amakokolola galimoto. Choncho dalaivala wa minibasi kapena wakabaza amene wakana kuwoloka mlatho womira, okwera akumunena kuti ndi wamantha, ndiye wolimba mtima pamalopo.

Munthu amene akumira nthawi zambiri sakuwa. Pakamwa pake pamangoti tulukire, lowere, ndipo amatha kuzimirira pasanathe mphindi imodzi. Chilichonse chimene wagwira amachikwera. Mukamufikira chimanjamanja amakukakamirani pakhosi n'kukumizani, ngakhale mutakhala katswiri wosambira wa ku Nkhotakota.

Choyamba kuwani kuti anthu abwere, ndipo mmodzi asachotse maso pa womirayo. Ngati ali pafupi, gonani chafufumimba pagombe, wina akugwireni miyendo, mumupatse nsungwi, pondo kapena zitenje ziwiri zomanga pamodzi. Mukachita choimirira amakukokerani m'madzi. Ngati ali patali, tengani chigubu cha malita 20, musiyemo madzi pang'ono kuti mphepo isachiuluze, mutseke zolimba ndi kumanga chingwe pachogwirira. Chigubu chotero chimayandamitsa munthu wamkulu. Thamangirani kumunsi kumene madzi akumupititsa, muponye kuti chingwe chimudutse pathupi. Akagwira musalimbane ndi mtsinje. Gwirani nji, madziwo amubweretsa okha m'mbali.

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: chingwe musachimange m'chiuno kapena kuchikulunga padzanja. Chikakungika, madzi amamupanikizira pansi munthu womangidwayo ndipo mfundo yonyowa simasuka.

Mukamuvuula, muoneni kwa masekondi 10 ngati akupuma. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada pamalo olimba, kwezani chibwano, tsinani mphuno ndi kumuuzira mpweya m'kamwa kasanu, chifuwa chizioneka chikukwera. Kenako kanikizani pakati pa chifuwa ka 30, mozama masentimita 5 mpaka 6, pa liwiro la ka 100 mpaka 120 pa mphindi, n'kuuziranso kawiri. Pitirizani choncho, muzilandizana mukatopa, wina akufuna galimoto. Chonde tisiye zomupsinja pamimba kapena kumuzondotsa kuti ati madzi atuluke. Zimenezo zimangodya nthawi, ndipo masanzi amalowera m'mapapo.

Izinso zimafuna mtima. Kuika pakamwa pako pakamwa pa munthu wosamudziwa, khamu likulira, ena akukuuza kuti wapita kale umusiye, n'kovuta kuposa kudumpha.

Akayamba kupuma mugonekeni cham'mbali, mumuvule zonyowa ndi kumufunditsa bulangeti. Apite kuchipatala ngakhale akuyankhula bwinobwino, chifukwa mapapo amene munalowa madzi amatha kuyamba kubanika patapita maola angapo.

Tikupempha mafumu ndi makomiti oona za ngozi m'midzi ya m'mbali mwa Shire ndi Ruo kuti pa dooko lililonse pakhale nsungwi yaitali, zigubu ziwiri ndi chingwe cha mamita 20 mvula isanayambe, ndipo achinyamata ayeserere kuponya pabwalo mpaka dzanja lizolowere.

Ndife,
Aphunzitsi a thandizo loyamba,
Chikwawa