Haiku si kuwerenga maphatikizo kokha

A Mkonzi,

Aphunzitsi ena amati haiku, ndakatulo yaifupi yochokera ku Japan, ndi mizere itatu ya maphatikizo 5, 7 ndi 5, basi. Masaoka Shiki, mlakatuli wobadwira ku Matsuyama, ku Japan, mu 1867, sakanavomera. Iye anadzudzula ongotamanda mwachizolowezi Basho, mlakatuli wakale wotchuka wa haiku, nakweza mlakatuli wina wakale, Buson, ndipo anaphunzitsa "shasei", kulemba chimene maso aona osakometsera. Chifuwa chachikulu chinamugoneka zaka zingapo, koma analembabe mpaka imfa yake mu 1902.

Haiku imafunanso liwu losonyeza nyengo ndi malo odulira ganizo pawiri. Kawerengedwe nakonso kamasokoneza: kwa Ajapani "Tokyo" ndi magawo anayi, chifukwa vawelo yaitali imawerengedwa kawiri. M'Chichewa mneni ngati "ndinakumbukira" amadya maphatikizo 6 yekha, choncho ophunzira ayambire pa mayina aafupi monga ngumbi, chule ndi mvula.

Wokonda ndakatulo,
Zomba