Chilengezo: nkhondo ya anthu ndi zimphona iyamba Loweruka

Mwaswera bwanji nonse. Paja tinagwirizana kuti nthano yathu ija, gemu yomwe timasewera pamodzi, isathere panjira, ndiye Loweruka lino madzulo tikuyamba gawo la nkhondo.

Kwa amene munajomba sabata yatha, zinafika apa: anthu a kuchigwa agwetsa nkhalango ya zimphona n'kuotcha makala, zimphona nazo zakwiya zagubuduza miyala n'kutseka mtsinje kumtunda, pano kuchigwa madimba auma, ng'ombe zikufa ndi ludzu, mfumu yawo yaimba ng'oma ya nkhondo. Afisi sanasankhebe mbali, akudikira aone komwe kugwe nyama (afisi ndi afisi basi).

Aliyense atchule timu yake pasanafike Lachisanu. Koma abale musathamangire nonse ku zimphona chifukwa choti ndi zamphamvu, kwa anthu kwatsala awiri okha, gemu ikoma bwanji choncho? Zimphona sizitha kuona bwino usiku ndipo zimaopa moto, anthu ali ndi mauta ndi mbuna.

Nkhondo iliyonse tiziponya dayisi, zokangana ayi. Ndipo Napolo asadzutsidwe ndi aliyense mpaka gawo lomaliza, chonde, ulendo watha anatikokololera mudzi wonse nkhani isanafike patali.