Kalata kwa mnzanga ku Leeds: za kabokosi komwe ndinalembamo 1

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Mvula yayamba bwino, ndipo ukudziwa kale kuti ikangoyamba, wodi ya ana imadzaza mpaka awiriawiri pa bedi. Udzudzu wabwera ndi abale ake onse.

Unandifunsa pa WhatsApp kuti za sukulu zija zafika pati, ine n'kukuyankha kuti ndidzachita kukulembera kalata. Ndi imeneyi. Fomu yofunsira sukuluyo ndinatumiza Lachisanu, koma munali kabokosi kamodzi komwe kanandigonetsa mochedwa. Ankafuna ndilembe kuti ndili ndi mapepala angati a kafukufuku osindikizidwa, anthu ena anawatchula kangati m'mapepala awo, ndiponso h-index yanga. Ine pepala ndili nalo limodzi, lija ndinkathandiza nawo kutenga magazi kwa ana, ndipo dzina langa lili chakumapeto kwa mndandanda, pafupi kugwa. Alitchulapo kanayi. M'kabokosimo ndinalemba 1, kenako ndinakhala ndikukayang'ana ngati mwana amene walandira masiwiti amodzi pa Khirisimasi.

Poti iwe unachoka zinthuzi zisanatifike pakhosi, ndikufotokozere. Wofufuza akalemba pepala, kumapeto amaika mayina a mapepala ena amene watsamirapo. Kumeneko ndiye kutchulidwa, ndipo malo a pa intaneti monga Google Scholar, Scopus ndi Web of Science amawerengera. Mu 2005 katswiri wina wa fizikisi ku California, Jorge Hirsch, anakonza njira yophatikiza kuchuluka kwa mapepala ndi kuchuluka kwa kutchulidwa kukhala nambala imodzi. Ukamva kuti munthu ali ndi h-index ya 20, ndiye kuti ali ndi mapepala 20 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 20. Ukalemba pepala limodzi lokha, ngakhale dziko lonse litalitchula, nambala yako ikhalabe 1. Pamenepa ndinadzitonthozapo pang'ono, ngakhale sindinganame kuti langa dziko likulidziwa.

Tulo titakana, ndinayamba kufufuza za akuluakulu kuti ndione kuti iwo zawo zili bwanji. Ndinathera pa mapepala a Mayi Terrie Taylor, a ku Michigan State University, amene akhala akubwera ku Blantyre chaka ndi chaka kuyambira 1986 kudzafufuza malungo a mu ubongo pa chipatala cha Queen Elizabeth. Dzinali unalimvapo m'kalasi. Ndinalowa kuti ndione manambala, koma posakhalitsa ndinawaiwala. Ukawerenga mitu ya mapepala awo motsatira zaka, umaona kuti munthuyu kwa zaka pafupifupi 30 wakhala akuthamangitsa funso limodzi: mwana wokomoka ndi malungo, amene tamupatsa kale mankhwala opha tizilombo, chimamupha n'chiyani?

Ukukumbukira Blantyre Coma Score, sikelo yoyezera mmene mwana wakomokera? Ija tinkailoweza usiku wa mayeso. Inatuluka mu 1989 m'pepala la malemu Malcolm Molyneux, Mayi Taylor ndi anzawo. Ndinaigwiritsa ntchito Lachiwiri lapitali cha m'ma 2 koloko usiku, pa kamtsikana ka zaka zitatu komwe anabwera nako pa njinga ya kabaza. Ndinauza mayi ake kuti asendeze nkhope yawo pafupi, ndione ngati maso awatsatira. Sanatsatire, 0. Ndinakanikiza pa chifuwa ndi mfundo za zala, osasuntha. Ndinapanikiza cholembera pa chikhadabo, kadzanja kanathawa, 1. Kulira sikanalire, kanangobuula, 1. Zonse pamodzi 2 pa 5, ndiye kuti kakomoka ndithu. Ndinalemba pa fayilo, namwino n'kuyamba kukapatsa artesunate, mankhwala a malungo. Kamtsikanako kanatsegula maso Lachinayi m'mawa n'kupempha phala.

Tsopano taganiza. Usiku umene uja, m'zipatala zingati za mu Africa muno munali munthu akupanikiza cholembera pa chikhadabo cha mwana ngati ine? Palibe mmodzi mwa ife amene Scopus inamuwerenga. Pepala la 1989 latchulidwa kambirimbiri, sindikukana, koma kutchulidwa kwake kwenikweni kuli m'mafayilo othimbirira amene amathera m'makatoni kuseri kwa ofesi.

Funso la Mayi Taylor lija silinayankhidwe msanga. Choyamba anafunika kudziwa ngati ana onse amene timati ali ndi malungo a mu ubongo alidi nawo. Kuno mwana akhoza kukhala ndi tizilombo m'magazi koma chomukomola chili china. Mu 2004 Mayi Taylor ndi anzawo anasindikiza m'magazini ya Nature Medicine zomwe anapeza atapima matupi a ana omwalira: mwa ana 31 amene madokotala ankati afa ndi malungo a mu ubongo, 7 anafa ndi zina. Pafupifupi mmodzi mwa anayi. Chimene chinasiyanitsa magulu awiriwa mwana ali moyo chinali kuseri kwa diso. Dokotala wa maso Susan Lewallen, akugwira ntchito ku Blantyre komweko, anali ataona kale m'zaka za m'ma 1990 kuti malungo enieni a mu ubongo amasiya zizindikiro mkati mwa diso: madontho oyera, mitsempha yosintha mtundu, timagazi totayika.

Pano ndiimepo kaye. Iwe ndi ine tikudziwa kuvuta kwake kupempha mayi amene mwana wake wangotsirizika kuti avomere thupi lipimidwe, abale ali panja akudikira kunyamula maliro. Makolo amenewo anavomera. Anamwino amene anagwada nawo pansi n'kuwafotokozera m'Chichewa alibe h-index.

Komabe kupima matupi kumangokuonetsa omwalira okha. Kuti udziwe chosiyanitsa wofa ndi wochira, uyenera kuona ubongo wa mwana ali moyo. Makina a MRI, ojambula mkati mwa thupi, anafika ku Blantyre mu 2008, oyamba m'dziko muno, a kampani ya General Electric, a mphamvu ya 0.35 tesla. Kumeneko kwanu, kumene makina ambiri ndi a 1.5 kapena 3, akhoza kuwaseka. Koma ndi amene anayankha funso. Mu 2015, m'magazini ya New England Journal of Medicine, Karl Seydel, Sam Kampondeni, amene ndi Mmalawi mnzathu wodziwa kuwerenga zithunzi za m'thupi, Mayi Taylor ndi ena analemba za ana 168 amene anawajambula. Anamwalira 25. Mwa amenewa, 21 ubongo wawo unali utatupa kwambiri pofika. Mwa ochira, otupa chotero anali 27 pa 100 alionse. Chigaza sichitanuka, ndiye ubongo ukafufuma umakanikiza tsinde lake, pomwe pali gwero la kupuma, mwana n'kungosiya kupuma mtima ukugundabe. Zimene tinkaziona ndi maso m'wodi osadziwa dzina lake. Kwa amene apulumuka, kutupako kumaphwa pakapita masiku, ndipo n'chifukwa chake anayamba kuyesa ngati kumupumitsa mwana ndi makina kungamuolotse pa masiku ovutawo.

Nditawerenga zimenezi, ndinasiya kunyoza kutchulidwa. Pepala la 2015 silikanatheka popanda diso la Lewallen, poti ndi diso lomwe linawathandiza kusankha ana enieni oyenera kujambulidwa, ndipo silikanatheka popanda sikelo ya 1989. Kutchula pepala la mnzako kuli ngati kunena pagulu kuti khasu ndalimirali ndinabwereka kwa uje. Zimenezo n'zabwino, ndipo ukatsata mayinawo umaona njira yonse imene nzeru inadutsa.

Chimene chimandiwawa ndi pamene akuphwanya zonsezo kukhala nambala imodzi n'kumaitenga ngati sikelo ya pa ADMARC. Nambalayo sidziwa kuti unatchulidwa chifukwa chiyani. Pepala la Andrew Wakefield la 1998, lija linaopseza anthu za katemera wa chikuku ndipo magazini ya The Lancet inalichotsa mu 2010, latchulidwa kochuluka, kawirikawiri ndi anthu olitsutsa. Sidziwanso kuti pa mayina 20 ndani anagona m'wodi ndipo ndani anangoyang'ana pepala litatha. Apa ndikudziulula ndekha, chifukwa ka 1 kanga kaja ndinakapezera pa kutenga magazi. Ndiponso matenda amene ali ndi ofufuza ambiri ndi amene amabala kutchulidwa kwambiri. Wolemba za Alzheimer, matenda oiwalitsa okalamba, ali ndi khamu lomuwerenga ku America ndi ku Ulaya. Wolemba za khunyu imene imagwira ena mwa ana ochira malungo a mu ubongo, monga anachitira Gretchen Birbeck ndi anzake mu 2010 potsatira ana a ku Blantyre, omuwerenga ake ndi ochepa, chonsecho anawo tili nawo m'midzi, ena anasiyira sukulu panjira. Ngakhale asayansi eni ake anadandaulapo. Mu 2012 ena anakumana ku San Francisco n'kugwirizana kuti munthu asamayezedwe ndi kutchuka kwa magazini imene walembamo. Koma fomu yanga kabokosi kanalipobe.

Pansi pake panali malo a mawu 200 ofotokoza zomwe ndikufuna kukafufuza. Ndinalemba za ana amene timawatulutsa atachira osawaonanso, ngati kamtsikana ka phala kaja. Ndikufuna kudziwa kuti pakatha chaka amakhala ali bwanji. Yankho akuti libwera mu Marichi.

Pempho langa ndi ili. Ukapita m'tauni kapena ukamayang'ana pa intaneti, undifunsireko mtengo wa ophthalmoscope, tochi younikira mkati mwa diso, yogwiritsidwapo kale ntchito, yaing'ono ya mabatire. Yomwe timabwerekana kuno babu lake linapsa, ndipo ndikufuna ndiphunzire kuona madontho aja ndi maso anga. Usagule kaye, ungondiuza mtengo, ndione ngati za chipeleganyu cha mwezi uno zingakwane. Amayi ako ndinawaona ku tchalitchi Lamulungu, ali bwino, akuti uwatumizire zithunzi za ana zooneka nkhope, osati zovala zipewa.

Ndine mnzako wa kale,
wa pa benchi ya kumbuyo ija