Za ndalama ya feteleza ndi mfuti ija

Achemwali,

Moni nonse, mayi, alamu ndi ana. Ine ndili bwino, koma kuzizira. Ndalandira dzulo, ndipo m'mawa uno ndatumiza £120 pa foni ya mayi, osati yanu. Chifukwa chake mukuchidziwa.

Mwezi watha ndinatumiza £150 ya feteleza wobereketsa ndi fizi ya mtsikana. Lero ndikumva kuti chimanga chayamba chikasu, yuliya palibe, koma mnyamata wanu akuzungulira kudambo ndi mfuti ya mpweya yogula kutauni. Akuti akufuna kudzakhala katswiri ngati anthu a pa chithunzi ndinatumiza pa WhatsApp chija. Ndalama anaitenga kuti? Musandiuze za ganyu. Ganyu wopalira sagula mfuti m'mwezi wa Disembala.

Poti wafuna zowombera, mumuwerengere izi mokweza. Kuno ku England pofika 4 koloko madzulo kumakhala kutada, ndiye kuyambira Okutobala mpaka Malichi anthu a pa kalabu imene ndimakonzapo amawomberera m'nyumba. Sawombera njiwa ayi, amawombera kapepala kali pa mtunda wa mamita 10. Kadontho kapakati, kopatsa mapointi 10, n'kamamilimita 0.5, ngati mpumiro wa m'kalata ino. Kachipolopolo kake n'ka mtovu, mamilimita 4.5, kamutu kophwatalala kuti kaziboola pepala mosang'amba. Pa mpikisano weniweni munthu amaima chilili, amapatsidwa mphindi 15 zoyesera, kenako awombere ka 60 m'mphindi 75. Makina akamawerenga, kulasa pakatikati penipeni ndi 10.9, zonse pamodzi sizingapose 654. Mfuti isalemere kuposa makilogalamu 5.5. Zopangidwa ndi makampani a Feinwerkbau, Walther kapena Anschütz, yatsopano imapitirira £2,000, osawerengera jekete yolimba ngati chikumba, nsapato ndi golovesi. Kachitini ka tizipolopolo 500 tabwino kamaposa £10, ndipo wochita khama amakatha m'masabata ochepa. Eni ake ndi anthu oti nkhokwe zawo zinadzaza kale.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse. Ndamva kuti alamu akuiyang'ana.

Mfuti zampikisano za pa kalabuyi zilibe sipuling'i yokankha mpweya. Zili ndi silinda ya mpweya wopanikizidwa kwambiri, wa 200 bar, imene amapopera pang'onopang'ono kuchokera m'botolo la anthu osambira pansi pa nyanja, chifukwa ukafulumira imatentha, ndipo ikazizira mpweya umapezeka wachepa. Silinda ikakwana zaka 10 sailola pa mpikisano, ngakhale iwoneke yatsopano. Masiku ano a chisanu, mfuti ikachoka m'galimoto amaisiya kaye m'chikwama chake kuti ifunde, apo ayi chitsulo chimachita thukuta n'kuyamba dzimbiri. Mafuta safika pamene pamadutsa mpweya. Ndi mfuti yotere munthu akaphonya amadziwa kuti waphonya yekha: wapuma molakwika, wakoka tiriga mwamphamvu, kapena wakhalitsa akuloza kupitirira masekondi 10 mpaka manja ayamba kunjenjemera. Odziwa amatsitsa mfuti n'kuyambiranso.

Ya mwana wanuyo, monga ndaionera pa chithunzi chimene wina wanditumizira, ndi yothyola pakati, ya sipuling'i. Imeneyo imadumpha chipolopolo chisanatuluke, n'chifukwa chake amalasa mtengo m'malo mwa mbalame. Ndipo ili ndi ngozi zake. Akaithyola kuti aike chipolopolo, dzanja lina lisachoke pa mpope, chifukwa ukabwerera wokha umatswanya chala ndipo nawonso umapindika. Akaiwomba yopanda chipolopolo, sipuling'i ndi labala wa m'kati zimawonongeka. Akathira oyilo wa njinga m'kabowo ka mpweya, oyiloyo amayaka, mfuti imalira ngati yeniyeni n'kudziwononga yokha. Chipolopolo chikagunda njerwa, mwala kapena malata chimabwerera, ndipo diso la mwana silichedwa. Kuno kumbuyo kwa chandamale kuli bokosi lachitsulo logwira zipolopolo, ndipo munthu akasiya kuwombera amalowetsa kachingwe kowala m'mpope kuti aliyense aone kuti mulibe kanthu. Kwanuko pabwalo pali ana, nkhuku ndi mayi amene saona bwino.

Za mtovu ndiye ndikunenetsa. Anyamata amakonda kusunga tizipolopolo m'kamwa. Mtovu ndi poizoni, umalowa m'magazi pang'onopang'ono ndipo umaononga ubongo wa ana. Ine pa ntchito sindiloledwa kusesa ndi tsache, ndimakolopa ndi madzi nditavala magolovesi, ndipo chakudya sichilowa m'chipinda chowomberera. Iye akugwira mtovu kenako n'kupisa dzanja m'mbale ya nsima imodzi ndi azing'ono ake. Asambe ndi sopo. Mbalame zimene walasa asapatse ana asanachotse chipolopolo.

Mango a kuseri kwa khitchini apsa tsopano, ndikudziwa. Kuno limodzi lokha lopanda fungo ukaligula mtima umawawa. Mayi muziwasungirako ngumbi, anyamata asamalize okha. Denga la khitchiniyo linakonzedwa? Pa ndalama ya Seputembala panali malata awiri, sindinaone chithunzi chake.

Ndikuuzeninso mmene ligi ya nyengo yozizira imayendera, muphunzirepo. Makalabu ambiri sakumana maso ndi maso. Aliyense amawombera kwawo, makhadi, mapepala amene alasawo, n'kutumizidwa kwa wowerengera mapointi tsiku loikika lisanadutse. A mfuti za .22, zimene si za mpweya, amagona chafufumimba pa mayadi 25, zipolopolo 10, chilichonse pa chandamale chake, mapointi onse 100. Bungwe lawo lalikulu ndi National Small-bore Rifle Association. Koma khadi lililonse limafuna mboni yosaina dzina ndi tsiku. Khadi lopanda mboni, ngakhale mabowo onse ali pakati, saliwerengera. Ndi ndalama zanga tizitero kuyambira lero. Matumba a yuliya akagulidwa, ndione lisiti ndi chithunzi, mayi ataima pambali pake. Lisiti ya kusukulu chimodzimodzi. Ngati sindiziona pofika Lamlungu la mawa, ya Januwale idzadzera kwa amalume aang'ono, inu mudzangomva.

Mfutiyo muilande lero, muipereke kwa amalumewo aitsekere, zipolopolo padera. Mnyamata aibweze komwe anagula kapena aigulitse, ndalamayo ipite kufizi, ndipo yotsala aigwirire ntchito m'munda wa mayi mpaka kubandira kuthe. Andiimbire yekha Loweruka usiku ndikaweruka, asakutumeni.

Feteleza muthire nthaka ikadali yonyowa, mubowole pambali pa phando, mukwirire. Musamwaze pamwamba ngati chaka chatha.

Ndine mlongo wanu.